Sinowo wa mu Epulo pa phiri la Cairn Gorm

Kumayambiriro kwa mwezi wa Epulo, tili pafupi ndi nsonga ya phiri la Cairn Gorm ku Scotland, mayi wina wachikulire amene ndimagwira nawo ntchito ku Inverness anakana kuti titsikenso kachiwiri pa mtsetse umene unatisangalatsa kwambiri m'mawa wa tsiku lomwelo. Kumwamba kunalibe mtambo, mphepo inali itagona, sinowo anali adakali wambiri, ndipo miyendo yanga inali isanatope. Mayiwo anavula ski imodzi (ma ski ndi timatabwa titalititali tomanga kumapazi potsetsereka pa sinowo), naponda pansi ndi jombo, nayang'ana pamene phazi lalekezera, kenaka anandiuza kuti mbali imeneyo ya phiri nthawi yake yatha. Zimenezi zakhala zikundibwerera m'maganizo kuyambira tsiku limenelo, chifukwa panalibe chikwangwani kapena mlonda wotiletsa, ndipo chimene chinatibweza ndi kuya kwa phazi la munthu mmodzi basi.

Ine ma ski ndinawaphunzira ndili wamkulu kale, monga mmene zilili ndi ambiri a ife Amalawi amene tinabwera kuno titakula, ndipo ndinaphunzira m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene aliyense amafunsa funso limodzi lokha lakuti kwagwa sinowo wochuluka bwanji. Mayi ndikunenawa anakulira m'chigwa cha mtsinje wa Spey, ndipo anayamba kutsetsereka ali mwana m'zaka za m'ma 1970, pamene makina oyamba onyamula anthu pa phirili, omwe anatsegulidwa mu 1961, anali adakali chinthu chonyaditsa kwa anthu a ku Aviemore, tauni ya pafupi ndi phirili. Kwa iwo funso la mu Epulo linali lina.

## Tinayamba ndi kukhala pansi

Tinafika m'mawa pa malo oimikapo galimoto a Coire Cas, omwe ali pamtunda wa mamita oposa 600 kuchokera pa nyanja yamchere. M'mwezi wa Disembala kuno dzuwa silikwanitsa maola 7 lili kunja, choncho munthu amazolowera kuvala majombo mothamanga kuti asataye kuwala. Mayiwo sanafulumire. Anatulutsa fulasiki ya tiyi, nakhala kumbuyo kwa galimoto, nandiuza kuti nditchere khutu. Kuchokera kumtunda kunkamveka phokoso lokanda, la mphepete zachitsulo za ma ski a anthu olawirira zikulimbana ndi madzi oundana, ndipo tinkaona anthuwo akutsika chammbali, mawondo ali gwa, osatha kukhota momasuka.

Anandifunsa ngati usiku wathawo ndinatuluka panja. Iwo anali atatuluka asanagone, naona nyenyezi zili mbee kumwamba konse, ndipo m'mawa anapeza galasi la galimoto litachita chisanu. "Ulendo wa lero unatsimikizika usiku," anatero. "Chatsala ndi kudikira kuti dzuwa ligwire ntchito yake."

## Zimene usiku umachita

Zimene anandifotokozera pa tiyi uja ndinadzazimvetsa bwino pambuyo pake. Sinowo wongogwa kumene amakhala wa timapale topyapyala tokhala ndi nthambi, ndipo pakati pake pamakhala mpweya wambiri. Dzuwa likayamba kutentha, pamwamba pake pamasungunuka masana, madziwo n'kulowa pakati pa timapaleto, ndipo usiku kukazizira amaundananso. Zimenezi zikachitika masiku angapo motsatizana, nthambi zija zimatha, timibulu tating'ono timasungunukiratu, ndipo tokulirapo timanka tikula mpaka sinowo yense amasanduka mibulu yobulungira yooneka ngati mchere wosasinja. Usiku mibuluyi imamatirirana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba chimene munthu angayendepo osasiya mapazi.

Kuti kumatiriranaku kuchitike bwino, pamafunika kuti kumwamba kukhale kopanda mitambo. Pakakhala poyera, sinowo amataya kutentha kwake n'kupita mumlengalenga, moti pamwamba pake pamaundana ngakhale mpweya utakhala pang'ono pamwamba pa madigiri 0. Kukakhala mitambo, kutenthako kumabwezedwa pansi, ndipo sinowo amagona wonyowa n'kudzukanso wonyowa. N'chifukwa chake mayi aja anayang'ana nyenyezi.

Tsono m'mawa dzuwa likawomba pa mtsetse woundana chotere, limamasula masentimita awiri kapena atatu a pamwamba, pansi pake pali polimbabe. Nthawi imeneyo ndi imene anthu a ma ski amaisakasaka m'nyengo ino. Siikhalitsa, ndipo siifika pa phiri lonse nthawi imodzi. Mitsetse yoyang'ana kum'mawa ndi imene imayamba kufewa, kenaka yoyang'ana kummwera, kenaka ya kumadzulo, ndipo yoyang'ana kumpoto imatsirizira, mwina osafewa n'komwe. Apa munthu wochokera kwathu ayenera kutembenuza zimene thupi lake linazolowera, chifukwa ku Malawi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, pamene ku Scotland masana onse limakhala chakummwera. Kumapeto kwa Disembala silikwera kufika ndi madigiri 10 omwe pamwamba pa mapiri, koma pakati pa Epulo limapitirira madigiri 40, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumasungunula sinowo. Palinso nkhani ya wotchi: popeza nthawi imasunthidwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Marichi, dzuwa limafika pachimake itadutsa 1 koloko masana, osati 12 koloko.

## Kuseri kwa phiri

Misewu yokonzedwa ya ma ski pa Cairn Gorm ili m'zigwa za Coire Cas ndi Coire na Ciste, zomwe zimayang'ana chakumpoto, ndipo ndi chifukwa chake imasunga sinowo nthawi yaitali. Mayiwo anafuna kuti tiyambe ndi mbali ina. Tinakwera ndi makina okoka anthu kufika ku Ptarmigan, siteshoni ya kumtunda ya makinawa, pamtunda wa mamita 1,097, ndipo kuchokera pamenepo tinamata zikopa kunsi kwa ma ski, zija zimathandiza kuti munthu akwere mtunda osabwerera m'mbuyo, n'kuyenda pang'onopang'ono kufika pa nsonga, yomwe ndi mamita 1,245. Aliyense anali ndi fosholo yaing'ono, ndodo yofufuzira munthu wokwiririka ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro, ndipo mayiwo anali atawerenga lipoti la tsikulo la Scottish Avalanche Information Service, bungwe lochenjeza za zigumukire za sinowo, tisananyamuke.

Kuseri kwa nsongayo kuli chigwa cha Coire Raibeirt, chimene chimatsikira kummwera kulunjika ku nyanja ya Loch Avon. Tinafika pamutu pake cha m'ma 11 koloko. Mayiwo anabaya ndodo pansi, ndipo inalowa pang'ono n'kugunda polimba. Anapalasa sinowo ndi mphepete ya ski, natola wodzaza dzanja, nandionetsa mibulu yonyowa imene inkalekana yokha. Anadikirabe kanthawi ndithu, maso ali ku mtsetse, kenaka anati tiyeni.

Sindikudziwa mmene ndingafotokozere bwino kutsika kumeneko kwa munthu amene sanavalepo ma ski, koma ndiyesa. Pa madzi oundana, ski imafuna kuthawa chammbali, ndipo thupi lonse limakhala lokungika poyembekezera kugwa. Mu sinowo wakuya wongogwa kumene, munthu wosazolowera amamira n'kumalimbana ndi miyendo yake. Pamenepa zonse ziwirizi panalibe. Ndikapendeketsa ski, mphepete yake inkaluma mofatsa m'masentimita ofewa aja n'kupeza polimba poimira, ndipo ski inkakhota yokha kutsatira kupindika kwake. Phokoso lokanda lija linasanduka kaphokoso kofewa ka mibulu yomwazika kumbuyo. Ndinazindikira kuti ndikupuma bwinobwino, kuti mapewa anga atsika, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzutsa mutu ndili pa liwiro n'kuona kumene ndili: phiri la Ben Macdui lili mbuu chakutsogolo, matanthwe akuda ozungulira Loch Avon ali m'munsi, ndipo mayi aja ali patsogolo panga akukhota mosafulumira ngati kuti mtsetsewo anaupima kale.

Sitinatsike mpaka kunyanja. Chigwachi chimayamba mosatsetsereka kwambiri koma kumunsi chimapanikizika n'kukhala chophedi, ndipo kumeneko kulibe msewu kapena nyumba. Tinaima pamene mtunda unayamba kupendekeka kwambiri, tinadya mkate, n'kumatanso zikopa kuti tibwerere kumtunda.

## Phazi litalowa

Kukwera kunatitengera nthawi, ndipo dzuwa linkatiwomba kumsana moti tinavula majekete. Tili m'njira ndinayamba kuona zinthu zimene mayiwo ankandilozera ndi ndodo osalankhula. Pansi pa miyala yakuda, yomwe imatentha msanga kuposa sinowo, pankachoka timipira tating'ono tikugubuduka tokha n'kumakula, kusiya mizere kumbuyo kwake. Zikopa zathu zinayamba kulemera ndi madzi. Ndodo imene m'mawa inkagunda polimba tsopano inkalowa mpaka theka osapeza pogunda.

Titafika kumtunda ndinanena kuti titsikenso. Apa ndi pamene anavula ski ija n'kuponda, ndipo jombo inamira kupitirira kakolo. Anandiuza kuti ndichite chimodzimodzi, ndipo yanga inamira kwambiri kuposa yawo. Anafotokoza kuti polimba pamene tinaimapo m'mawa pasungunuka, ndipo madzi tsopano akuyenda m'kati mwa sinowo yense. Madziwo akachuluka amamasula mibulu ija kuti isagwiranenso, ndipo akafika pamalo pamene sangathe kudutsa, kaya ndi sinowo wakale woundana kapena thanthwe, amayenderera pamenepo n'kuchititsa kuti zonse zili pamwamba zikhale zosavuta kugumuka. Chigumukire cha sinowo wonyowa sichithamanga ngati cha sinowo wouma, koma ndi cholemera kwambiri, ndipo chikaima chimagwira munthu zolimba moti sangadzitulutse yekha. Zigumukire zambiri zimayambira pa mitsetse yopendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo kumunsi kwa chigwa chimene tinachokamo kunali kotero.

Anandilozera chakumadzulo, kumene kuli chigwa cha Coire an Lochain, n'kunena za thanthwe lalikulu losalala lotchedwa Great Slab, limene anthu okwera mapiri kuno amalidziwa chifukwa sinowo yense wa pamwamba pake amatha kutsetsereka nthawi imodzi kukafunda, madzi akalowa pansi pake. Ananenanso za sinowo amene mphepo imamuunjika m'mphepete mwa maphompho n'kumalendewera pamwamba popanda chomuchirikiza, kuti m'nyengo ino amathyoka osachenjeza, ndipo munthu asayende pamwamba pake kapena kudyera chakudya pansi pake.

Chimene chinandikhudza n'chakuti m'mawu awo munalibe mantha. Sanandiopseze ndi nkhani za anthu amene anafa. Ankalankhula ngati munthu amene akuwerenga nthawi pa wotchi n'kunena kuti yakwana. Mtsetse womwewo, womwe cha m'ma 9 koloko unali wolimba moti munthu akagwa sakanatha kudziimitsa, cha m'ma 11 unali wabwino koposa, ndipo pofika 2 koloko unali wosayenera kuupondanso. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona phiri ngati malo okhazikika amene ndikawadziwa kamodzi ndawadziwiratu.

Tinabwerera mbali ya kumpoto, ndipo tinapeza kuti misewu ya Coire Cas imene m'mawa inkakanda ija inali itangoyamba kufewa. Tinatsetsereka kumeneko mpaka makina atatsala pang'ono kutsekedwa.

## Mawondo, maso ndi phula

Ngakhale pa misewu yokonzedwa, yomwe ili ndi alonda oyang'anira chitetezo, sinowo wa nyengo ino ali ndi zake zofunika kuzidziwa. Ski imatsetsereka bwino pakakhala madzi ochepa kwambiri pansi pake, koma madzi akachuluka amaikakamira n'kuikoka. N'chifukwa chake masana munthu amatha kuchoka pa mthunzi ali pa liwiro, n'kufika padzuwa ma ski n'kuima mwadzidzidzi, thupi n'kupitirira kutsogolo. Phula lopaka kunsi kwa ski limathandiza, koma liyenera kukhala lofewa lopangidwira sinowo wonyowa, osati lolimba la m'miyezi yozizira kwambiri, ndipo limatha msanga chifukwa mibulu ija imapala komanso sinowo wakale amakhala ndi fumbi. Kale phula lokhala ndi mankhwala a fluorine ndi limene linkatchuka pothamangitsa madzi, koma bungwe la FIS, loyang'anira masewera a ma ski pa dziko lonse, linaliletsa pa mipikisano kuyambira nyengo ya 2023 mpaka 2024 chifukwa mankhwala ake satha m'nthaka ndi m'madzi. Ine ndimaona kuti ngakhale ife osapikisana tilibe chifukwa choligwiritsira ntchito, poti madzi osungunuka pa phirili amakathera mu Spey.

Dzuwa likapendeka sinowo amaunjikana milumilu yolemera, ndipo ski ikakodwa mu mulu wotere thupi likukhota, chimene chimapotoka ndi bondo. Mayi aja anandiphunzitsa kukhota mokulungiza, ma ski onse awiri ali pafupi ndipo kulemera kwa thupi kuli pakati, komanso kusiya miyendo ikayamba kunjenjemera m'malo mokakamira ulendo wina umodzi.

Za maso ndi khungu ndikufuna kunena mosabisa, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti dzuwa la ku Ulaya silingatichite kanthu. Sinowo woyera amabweza mpaka magawo 80 pa 100 alionse a cheza cha UV, cheza cha dzuwa chimene chimawotcha khungu, kutanthauza kuti dzuwa limakuwomba kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Khungu lakuda limateteza pang'ono, koma milomo imang'ambika ndithu, ndipo diso la munthu wakuda limapsa chimodzimodzi ndi la wina aliyense. Ululu wake sumveka nthawi yomweyo. Umayamba patapita maola angapo, nthawi zambiri usiku, maso akutuluka misozi ndi kukana kuwala. Magalasi oteteza ku UV si chovala chokongoletsa m'nyengo ino.

## Kwa anzanga amene anayesa kamodzi

Ndikudziwa Amalawi angapo kuno amene anapita kukayesa ma ski pakati pa Januwale, nalipira ndalama zambiri kubwereka zipangizo, nakhala tsiku lonse akugwa pa madzi oundana mphepo ikuwawomba kumaso, ndipo anabwerako atatsimikiza kuti masewerawa si athu. Ndimawamvetsa, koma ndimaona kuti anaweruza masewera onse potengera mwezi wovuta kwambiri. Kumapeto kwa Marichi ndi mu Epulo kunja kumawala maola oposa 12, zala siziuma ndi kuzizira, ndipo sinowo wofewa pamwamba amakhululukira munthu amene akuphunzira kukhota. Kugwa kwake sikupweteka ngati kwa pa ayezi. Munthu wophunzira safunika kupita kuseri kwa phiri kumene ine ndinapita ndi munthu wodziwa. Akhale pa misewu yokonzedwa, afike dzuwa litakwera, ndipo asiye sinowo akayamba kulemera.

Sindikunena kuti nyengoyi ndi yofatsa masiku onse. Mphepo yamphamvu kwambiri imene inayezedwapo pamtunda m'dziko la Britain, ya liwiro la makilomita 278 pa ola, inawomba pa nsonga ya Cairn Gorm yomweyi pa 20 Marichi 1986. Tsiku labwino la mu Epulo limachita kusankhidwa, ndipo munthu wogwira ntchito ya mashifiti, amene sangasinthe tsiku lake lopuma potengera nyenyezi za usiku wathawo, nthawi zina amangoyenera kuvomereza kuti sabata imeneyo yamudutsa.

## Malipoti akatha

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti sinowo wa mtundu umenewu amafuna zinthu ziwiri zimene zikunka zichepa: sinowo wokwanira wotsala kuchokera m'miyezi yozizira, ndi usiku wachisanu wotsatizana. Pa phiri la Braeriach, chakumadzulo kwa Cairn Gorm, pali kachigawo ka sinowo kotchedwa Sphinx, kamene kankadziwika kuti kamapirira chaka chonse osasungunuka. M'zaka zonse za m'ma 1900 kanasungunukiratu katatu kokha, mu 1933, 1959 ndi 1996. Kuyambira 2021 mpaka 2024 kanasungunuka chaka chilichonse. Mayi aja amanena kuti ali mtsikana kutsetsereka mu Meyi sinali nkhani yodabwitsa, koma tsopano pali zaka zina zimene Epulo amafika misewu ya m'munsi ili kale udzu ndi miyala, ndipo ofuna sinowo amanyamula ma ski pamsana kukwera kukamufuna kumtunda.

Zimenezi zikukankhira anthu ambiri kunja kwa malire a misewu yokonzedwa, ndipo zikuwakankhira kumeneko pa nthawi imene thandizo likuchepa. Scottish Avalanche Information Service imatulutsa malipoti tsiku ndi tsiku a madera 6 a mapiri, kuphatikizapo kumpoto kwa mapiri a Cairngorms, kumene kuli Cairn Gorm, kuyambira pakati pa Disembala mpaka chapakati pa Epulo. Ikasiya, sinowo m'zigwa zakumtunda amakhala adakalipo, ndipo anthu amapitabe. Chaka chino ndapempha mayi aja kuti tikapitenso kumapeto kwa Epulo, malipoti atasiya kutuluka, ndipo avomera pa mfundo imodzi: ine ndi amene ndidzatuluke panja usiku, ndidzasankhe mbali ya phiri yoyambira ndi ola lake, ndipo ndidzanene nthawi yobwerera, iwo adzangonditsutsa ngati aona kuti ndaphonya.